Ndinagula impact factor ndi ndalama za feteleza

Imelo ija inandipeza Lachiwiri m'mawa, mu Okutobala 2017, nthawi imene magetsi ankazima tsiku lonse n'kubwera pakati pa usiku ngati mfiti. Ndinali mu ofesi yathu ya anthu atatu, laputopu ili pamiyendo, batire litatsala pang'ono kutha. Wolembayo ananditchula kuti pulofesa wolemekezeka, chikhalirecho ndinali lecturer wamba wongobwera kumene ndi PhD. Anati akonzi a journal yawo, magazini yosindikiza zotsatira za kafukufuku, achita chidwi kwambiri ndi ntchito zanga, koma sanatchule ntchito ngakhale imodzi. Zimenezo sindinazione. Maso anga anathamangira pansi, pamene panali zilembo zofiira: Impact Factor 7.4, nambala imene amati imasonyeza kutchuka kwa journal.

Ndinali ndi pepala la kafukufuku limene linali litandisautsa kwa chaka ndi theka. Linali la kasungidwe ka chimanga. Ndinatha nyengo yathunthu ndikuzungulira m'midzi ya ku Ntcheu, kuyerekeza chimanga cha m'nkhokwe, chothira mankhwala a fumbi, ndi cha m'matumba a PICS, aja okhala ndi mapulasitiki awiri m'kati amene amabanikitsa nankafumbwe. Ma journal awiri anali atalikana kale. Yoyamba inalibweza sabata isanathe, ati nkhani ya dera limodzi singakope owerenga a m'maiko ena. Yachiwiri inakhala nalo miyezi isanu ndi iwiri, n'kulibweza ndi masamba anayi a mafunso, ambiri mwa iwo okhudza masamu amene ndinagwiritsa ntchito. Mafunsowo anali oona, koma ine ndinawamva ngati chipongwe. Apa n'kuti anzanga amene tinalowa nawo ntchito limodzi akukwezedwa kukhala senior lecturer, ine ndikupereweredwa pepala limodzi lokha.

A journal ya 7.4 ija ankafuna madola 150, amene nthawi imeneyo anali pafupifupi K108,000. Ndalama imene ndinali nayo inali ya feteleza wa kumunda kwa amayi. Ndinadziuza kuti ndikakwezedwa ndidzabweza kawiri. Khadi langa la kubanki silinkalola kulipira kunja, choncho ndinaimbira msuweni wanga wa ku Joni kuti alipire ndi lake, ine n'kutumiza makwacha kwa mkazi wake ku Balaka pa foni. Msuweniyo anandifunsa kuti, "Achimwene, kodi si inu muyenera kulipidwa mukalemba?" Ndinaseka, n'kumuuza kuti za kuyunivesite sangazimvetse.

Patapita masiku anayi yankho linabwera. Wounika pepala, ngati analipodi, analemba mawu atatu okha osonyeza kuti pepala ndi labwino, lisindikizidwe. Sabata yotsatira linali pa intaneti. Dzina langa analilemba molakwika, tebulo lachitatu linasokonekera moti manambala a m'nkhokwe anakagwera pansi pa mutu wa matumba a PICS, koma ananditumizira satifiketi ya mkombero wagolide. Ndinaisindikiza pa pepala lolimba kutauni, n'kuiika pamwamba penipeni pa fayilo yanga ya promoshoni.

Fayiloyo inabwerera patatha miyezi iwiri, pali kapepala kakang'ono konditumiza kulaibulale.

Mayi amene ankaona za ma journal kumeneko anali munthu wamkulu, wosapupuluma, wa magalasi olendewera pa chingwe. Anandipatsa mpando, n'kuyang'ana satifiketi ija nthawi yaitali.

"A Dokotala, nambala iyi wapereka ndani?"

Ndinati ili pa webusaiti ya journalyo.

"Ndaiona. Koma ndikufunsa kuti waiwerengera ndani. Ngakhale wogulitsa tomato pamsika amanena kuti tomato wake ndi wa lero."

Anatsegula Master Journal List, mndandanda wa kampani ya Clarivate umene aliyense angaufufuze kwaulere, n'kulemba ISSN, nambala yozindikiritsa journal ija. Panalibe. Anayang'ana pa mndandanda wa Scopus, kaundula wina wamkulu wa ma journal, panalibe. Pa DOAJ, kaundula wa ma journal owerengedwa kwaulere, panalibe. Kenako anabwerera pa webusaiti ya journalyo, n'kundilozera timalemba ting'onoting'ono pansi pa 7.4 uja. Nambalayo inachokera ku kabungwe kena ka dzina lofanana ndi la eni ake enieni a impact factor, kamene ntchito yake ndi kugulitsa manambala kwa journal iliyonse yolipira. Adilesi ya ofesi inati ili ku America, koma akaunti imene msuweni wanga analipirako inali ya dziko lina. Pomaliza anatsegula mndandanda wa Jeffrey Beall, woyang'anira laibulale wa ku Denver amene ankalemba maina a ofalitsa okayikitsa. Mwini wake anali atautseka mu Januwale 2017, koma anthu anali atasunga makope. Wofalitsa wanga analipo.

Ndinangoti kakasi. Chikomekome cha mkuyu, ndipo nyerere zake ndinali nditazimeza kale.

Mayiwo sanandinyoze. Anatenga pepala ndi cholembera n'kundiphunzitsa chimene ndinayenera kudziwa ndisanamalize n'komwe digiri yachiwiri. Impact factor yeniyeni imatuluka kamodzi pa chaka mu Journal Citation Reports, lipoti la Clarivate, ndipo kuwerengera kwake n'kosavuta. Tinene kuti journal inasindikiza mapepala 40 mu 2015 ndi 60 mu 2016, onse pamodzi 100. Ngati mu 2017 mapepala amenewo atchulidwa maulendo 150 m'ma journal a mu Web of Science, kaundula wa Clarivate, ndiye kuti impact factor ya 2017 ndi 1.5. Basi. Palibe amene amawerenga mapepalawo kuti aone ngati ali anzeru. Amene anayambitsa zonsezi ndi Eugene Garfield wa ku Philadelphia, amene analemba ganizo lowerengera kutchulana kwa mapepala mu 1955, ndipo lipoti la ma journal linayamba kutuluka mu 1975. Cholinga chake chinali kusankha ma journal oti alowe mu kaundula wake, kenako oyang'anira malaibulale anayamba kuligwiritsa ntchito posankha ma journal oti agule ndalama zikachepa. "Chinali chida chathu ife," anatero mayiwo. "Inu munangochilanda n'kuyamba kuyezera anthu."

Mawu omalizawo sanandilowe tsiku limenelo. Ine chimene ndinatolapo n'choti pali nambala yabodza ndi nambala yoona, ndipo ndinalumbira kuti kuyambira pamenepo ndidzatsata yoona yokhayokha. Apa m'pamene ndinachitira cholakwa chachiwiri, chimene chimandichititsa manyazi kuposa choyamba, chifukwa choyamba chinapweteka ine ndi munda wa amayi, pamene chachiwiri chinatsala pang'ono kupweteka munthu wina.

Kwa zaka zingapo ndinasanduka mlaliki wa manambala. Wophunzira akabwera ndi dzina la journal, funso langa loyamba linali lakuti ili mu Q chani pa SCImago, webusaiti imene imagawa ma journal m'magulu anayi, kuyambira Q1 apamwamba mpaka Q4 apansi. Q1 ndinkaombera m'manja, Q4 ndinkakwinya nkhope, yopanda Q sindinkafuna n'kuimva komwe. Ndinkatsegula Google Scholar m'mawa uliwonse kuona ngati h-index yanga, nambala yoyeza kutchulidwa kwa mapepala anga, yasuntha, ngati mlimi woyendera msampha. Ndinakwezedwa ndithu, ndi mapepala ena, ndipo patapita nthawi anandiika mu komiti younika mafayilo a anzathu ofuna kukwezedwa.

Tsiku lina panabwera fayilo ya bambo wina wa ku dipatimenti ya zilankhulo, wamkulu kwa ine ndi zaka zambiri. Mapepala ake asanu anali m'ma journal a mu Africa muno, ena a konkuno, onse opezeka pa AJOL, webusaiti yosonkhanitsa ma journal a mu Africa, koma palibe ngakhale imodzi inali ndi impact factor. Pambali pake panali fayilo ya mnyamata wa zasayansi amene dzina lake linali la nambala 14 pa olemba oposa 20, mu journal ya impact factor yoposa 10. Ndinalemba mamakisi anga mu mphindi khumi. Mnyamata pamwamba, bambo aja pansi.

Wapampando anali pulofesa wachikulire wosakonda kukweza mawu. Anayang'ana pepala langa la mamakisi, n'kundifunsa, "A Dokotala, pa mapepala asanuwa, ndi liti limene mwaliona kuti ndi lofooka kwambiri?"

Sindinayankhe, chifukwa sindinawerenge ngakhale limodzi.

"Nanga mnyamatayu, pa pepala ili, anachitapo chiyani iyeyo?"

Sindinadziwenso. Anaimitsa nkhaniyo mpaka sabata yotsatira, n'kutiuza tonse kuti tipite tikawerenge.

Ndinawerenga Loweruka ndi Lamulungu. Limodzi mwa mapepala a bambo aja linali lofotokoza mmene ana a sitandade 1 ndi 2 amene kwawo amalankhula chilankhulo china amavutikira akamaphunzitsidwa kuwerenga m'Chichewa. Anali atakhala m'makalasi miyezi yambiri, akulemba zolakwa za ana chimodzichimodzi, n'kuzisanja mwaluso moti mphunzitsi aliyense akanatha kuona pamene mwana akupunthwira. Linali pepala lolimba kuposa lililonse limene ine ndinalembapo. Pa Google Scholar linali litatchulidwa kasanu ndi kamodzi. Ndipo angalitchule ndani? Anthu ofufuza nkhani imeneyi padziko lonse akhoza kukwana mu minibasi imodzi, ndipo aphunzitsi a m'makoleji amene ankaligwiritsa ntchito salemba mapepala, amaphunzitsa.

Mnyamata uja nayenso sanali wolakwa. Anatolera zoyeza za ku Malawi pa kafukufuku wa maiko ambiri, ntchito yofunika ndithu. Koma 10 uja sanali wake. Anali wa journal.

Apa m'pamene mawu a mayi a kulaibulale anandibwerera, ndipo ndinayamba kufufuza ndekha. Chinthu choyamba chimene chinandidzidzimutsa ndi nkhani ya avereji. Taganizani mudzi wa mabanja khumi. Banja limodzi lakolola matumba 500, mabanja asanu ndi anayi otsalawo akolola matumba asanu lililonse. Avereji ndi matumba 54 ndi theka pa banja. Mlangizi wotumiza nambala imeneyo kuboma sananame, koma m'mudzimo muli njala. Ma journal alinso choncho. Per Seglen wa ku Norway analemba mu BMJ, journal ya zamankhwala, mu 1997 kuti mapepala 15 pa 100 alionse ndi amene amabweretsa theka la kutchulidwa konse kwa journal, ndipo theka la mapepala limabweretsa 90 peresenti. Akonzi a Nature, journal yotchuka ya sayansi, anavomera okha mu 2005 kuti 89 peresenti ya kutchulidwa kumene kunapanga nambala yawo kunachokera ku gawo limodzi mwa magawo anayi a mapepala awo. Ndiye kuti ukhoza kusindikiza mu journal yotchuka, pepala lako n'kukhala m'gulu la mabanja a matumba asanu aja, koma pa CV n'kumaoneka ngati mwini matumba 54.

Chitsanzo chimene ndimakonda kuuza ophunzira ndi cha Acta Crystallographica Section A. Impact factor yake inali 2 mu 2008. Chaka chotsatira inalumpha kufika pafupifupi 50, kupitirira Nature ndi Science. Chinachitika n'chiyani? Pepala limodzi la George Sheldrick lofotokoza mbiri ya pulogalamu ya pa kompyuta yotchedwa SHELX, limene aliyense wogwiritsa ntchito pulogalamuyo ankalitchula. Zaka ziwiri zowerengera zitadutsa, nambala inabwerera pa 2. Akonzi anali omwewo, ounika omwewo. Munthu amene anasindikiza mmenemo nthawi ya 50 akanabwera ku komiti yathu, ine ndikanamuimirira n'kumupatsa mpando.

Palinso nkhani ya kusiyana kwa maphunziro, imene imatipweteka kwambiri m'mayunivesite athu chifukwa komiti imodzi imaunika dokotala wa zamankhwala, katswiri wa masamu ndi wa mbiri yakale pa fomu imodzi. A zamankhwala ndi ambiri, amalemba msanga, amatchulana msanga. Nthawi ya Covid-19 impact factor ya The Lancet, journal ya zamankhwala, inadutsa 200 mu lipoti la 2022. Wa masamu kapena wa mbiri pepala lake limayamba kutchulidwa patatha zaka zisanu kapena khumi, zaka ziwiri zowerengera zija zitapita kalekale. Ndipo ma journal a zaluso ndi chikhalidwe a mu Web of Science sankapatsidwa n'komwe impact factor mpaka 2023. Kuyerekeza manambala a anthu amenewa kuli ngati kufunsa chifukwa chake mlimi wa chinangwa sanakolole pa miyezi itatu pamene wa nyemba wakolola.

Nambala yoonayo imaseweredwanso. Mu 2013 ma journal anayi a zamankhwala a ku Brazil anachotsedwa pa mndandanda kwa chaka chifukwa akonzi ake anapangana zomatchulana kuti manambala akwere. Chimene chinawakankhira kumeneko n'choti bungwe la boma loona za maphunziro apamwamba linkayeza madipatimenti potengera impact factor, ndiye ofufuza a m'dzikomo ankathawa ma journal akwawo. Mu 2007 akonzi a Folia Phoniatrica et Logopaedica analemba dala nkhani imodzi yotchula mapepala awo onse a mu 2005 ndi 2006, pofuna kuonetsa kupusa kwa kawerengedweka, ndipo nambala yawo inakwera kuchoka pa 0.66 kufika pa 1.44. Mu 2023 Clarivate inachotsa mu Web of Science ma journal oposa 50, mwa iwo 19 a wofalitsa wotchedwa Hindawi, ndipo chaka chomwecho mapepala oposa 8,000 a wofalitsa ameneyu anafufutidwa. Ambiri mwa ma journal amenewo anali ndi impact factor yeniyeni, yotuluka mu lipoti lenileni. Ineyo ndinamvapo ounika akundiuza kuti ndionjezere mapepala asanu a mu journal yomweyo pa mndandanda wa zimene ndatchula, mapepala osakhudzana n'komwe ndi chimanga. Ndinaonjezera awiri kuti nkhani ithe. Sindikunyadira.

Musandimve molakwa, sindikunena kuti manambalawa ndi achabe. Ndikafuna kudziwa ngati journal ya zaulimi imene sindinaimvepo imawerengedwa ndi anzanga a ntchito yomweyi, ndimayang'ana CiteScore, nambala yofanana nayo ya Scopus, kapena impact factor yake n'kuyerekeza ndi ma journal ena a zaulimi okhaokha. Nambala ikalumpha modabwitsa chaka chimodzi, ndimafufuza chimene chachitika. Ndipo kupezeka mu Scopus kapena Web of Science kumandiuza kuti pali wina amene anayang'anapo, chimene chikanandipulumutsa mu 2017. Koma kusapezekamo si umboni wa chinyengo. AJOL, imene inayamba mu 1998, ili ndi ma journal mazanamazana a mu Africa, ambiri osadziwika ku Clarivate, ndipo ena mwa iwo ounika ake ndi okhwima zedi. Society of Malawi Journal yakhala ikutuluka kuyambira 1948, pamene inkatchedwa Nyasaland Journal, ndipo wolemba mbiri ya dziko lino sangaithawe. Malawi Medical Journal inalowa m'makaundula akuluakulu, koma madokotala a m'zipatala zathu ankapindula nayo isanalowe n'komwe.

Chimene chimandiwawa n'choti achinyengo aja amadziwa bwino kumene kuli nyama. Amadziwa kuti lecturer wa kuno ali ndi makalasi a ophunzira mazana, alibe ndalama za kafukufuku, ma journal akuluakulu amamuuza kuti nkhani yake ndi ya kumudzi, ndipo fomu ya promoshoni ikufuna chiwerengero. Mu 2013 mtolankhani John Bohannon anatumiza pepala labodza, lodzaza ndi zolakwa zoonekeratu, ku ma journal 304, ndipo 157 analivomera. Maina a olemba ndi a masukulu amene anapeka anali omveka ngati a ku Africa. Nditawerenga zimenezo ndinakhala chete kanthawi.

Sabata yotsatira ija ndinabwerera ku komiti n'kusintha mamakisi anga, ndipo ndinanena chifukwa chake pamaso pa onse. Mnzanga wina anatsutsa, ndipo mfundo yake inali yomveka. Anati nambala, ngakhale ili yopunduka, ilibe mtundu, ilibe chipani, ilibe mlamu. Tikaichotsa n'kunena kuti tiziwerenga tokha, ndiye kuti tatsekulira khomo kukondera, chifukwa tonse timadziwana ndipo ena sitimwerana madzi. Sindinathe kumugonjetsa, ndipo mpaka lero ndimaona kuti mantha akewo ali ndi maziko. Tinagwirizana pakati: wofuna kukwezedwa asankhe mapepala ake atatu amene akuwadalira, alembe ndime imodzi pa lililonse kunena zimene anachitapo iyeyo ndi amene apindula nalo, ndipo awerengedwe ndi munthu wa maphunziro omwewo wochokera kunja kwa sukulu yathu. Manambala aziikidwa pambali ngati mboni imodzi mwa zingapo. Sitinayambitse ife zimenezi. Chikalata cha DORA, chimene chinakonzedwa ku San Francisco mu Disembala 2012, chimanena kuti impact factor ya journal isagwiritsidwe ntchito poyeza pepala limodzi kapena munthu pa nkhani ya ntchito, kukwezedwa ndi ndalama za kafukufuku. Leiden Manifesto ya 2015 ili ndi mfundo khumi, ndipo imodzi mwa izo ndi yoteteza kafukufuku wothandiza dera limene wachitikira. Yunivesite ya Utrecht inalengeza mu 2021 kuti yasiya kugwiritsa ntchito impact factor polemba ndi pokweza anthu. Bambo a zilankhulo aja anakwezedwa, mnyamata uja anakwezedwanso.

Ophunzira anga akabwera ndi imelo yowatchula pulofesa, ndimawakhazika pansi n'kuchita nawo zimene mayi aja anachita nane. Timalemba ISSN pa Master Journal List, pa Scopus, pa DOAJ ndi pa AJOL, ndipo timalowa pa webusaiti ya journal kudzera pa linki ya m'makaundula amenewo, chifukwa pali akuba ena amene amatenga dzina ndi ISSN ya journal yeniyeni n'kumanga webusaiti yawo. Timatsegula mapepala atatu a m'kope laposachedwa n'kuwawerenga, n'kuona masiku apakati pa kulandira ndi kuvomera. Timasankha dzina limodzi pa gulu la akonzi n'kuona ngati munthuyo amaitchula journalyo pa tsamba la yunivesite yake. Ndimawauzanso chimene ine sindinkadziwa, kuti Malawi ali m'gulu la maiko amene ofalitsa ambiri akuluakulu amawachotsera kapena kuwachepetsera ndalama zosindikizira, bola upemphe potumiza pepala, ndipo ma journal ambiri abwino salipiritsa n'komwe. Ndikanafunsa kulaibulale, pamtunda wosakwana mphindi zitatu kuchokera pa ofesi yanga, sindikanadya phula.

Pepala la nankafumbwe lija ndinayesa kulichotsa. Ndinalemba maimelo asanu ndi limodzi. Anayankha kamodzi, kunena kuti kuchotsa pepala ndi madola 300. Journal yeniyeni singalandire pepala losindikizidwa kale, choncho likadali komweko, dzina langa lolakwika, tebulo lachitatu likunenabe kuti nkhokwe inaposa matumba a PICS. Pa CV yanga ndinalichotsa. Zotsatira zenizeni ndinazilemba m'Chichewa pa masamba awiri, n'kupereka kwa alangizi a kumene ndinachitira kafukufuku, ndipo mmodzi wa iwo anandiimbira chaka chatha kupempha makope ena chifukwa akale aja anang'ambika.

Amayi chaka chimenecho anathira thumba limodzi lokha la feteleza, limene ndinachita kukongola. Sindinawauze kumene ndalama zinapita. Msuweni wanga ndiye amadziwa, ndipo akabwera pa Khirisimasi salephera kundifunsa pamaso pa anthu ngati a ku journal aja anayamba kundilipira.